Miyala, simenti kapena mtsiro: pansi poteteza mwana ndi pati?

Ndalama za mpunga ndi nandolo zikalowa, kapena achibale a ku Joni akatumiza kangachepe, mabanja ambiri a kwa Chikweo m'boma la Machinga amayamba kukonza nyumba. Choyamba amagula malata, kenako amaumba ndi kuotcha njerwa, n'kubwera pa zitseko ndi mawindo. Pansi pamakhala pomalizira, ndipo kawirikawiri ndalama zimatha ntchito isanafikepo.

Izi n'zomveka, pakuti denga lodontha silipatsa tulo. Koma mwana wokwawa sakhudza malata. Tsiku lonse manja ake, mawondo ake ngakhalenso chakudya chomwe wagwetsa n'kutolanso zimakhala pansi. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo masiku ano akuyang'ana pansi pa nyumba ndi diso lomwe amayang'anira chimbudzi ndi madzi akumwa.

Kafukufuku wa zaumoyo m'mabanja yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti pafupifupi nyumba zitatu mwa zinayi zilizonse m'dziko muno pansi pake ndi padothi kapena pamchenga. Poona kukwera mtengo kwa simenti, anthu ena akuganiza zoyala miyala yomwe angathe kuipeza kufupi. Ganizoli ndi labwino, koma pali mfundo imodzi yofunika kuigwiritsa: mwala pawokha suteteza mwana. Chimateteza ndi pansi potsekeka, pouma ndiponso potheka kukolopa.

Zomwe zimabisala m'dothi

Mdani woyamba ndi njoka za m'mimba. Njoka yaikazi yamtundu wa Ascaris imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku ili m'matumbo mwa munthu. Mazirawa amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akafika m'dothi lachinyezi amakhwima m'masabata awiri kapena atatu okha. Akakhwima amatha kukhala amoyo kwa zaka. Ndi ang'onoang'ono moti maso sangawaone, choncho amalowa m'nyumba ndi mapazi, nsapato kapena ziweto popanda wozindikira. Mwana akaika chala m'kamwa, amameza.

Palinso njoka zina zomwe sizidikira kumezedwa. Timphutsi take timaboola khungu la kuphazi la munthu woyenda wopanda nsapato, n'kukakhazikika m'matumbo momwe timayamwa magazi. Mwana wotero amachepa magazi, amafooka ndipo m'kalasi satsatira bwino. Kwa mayi woyembekezera, kuchepa kwa magazi kumaika pachiswe moyo wake ndi wa khanda lomwe.

Mdani wachiwiri ndi matekenya. Thekenya ndi kanthata kotalika pafupifupi milimita imodzi. Lalikazi limalowa m'khungu, makamaka m'mbali mwa zikhadabo ndi pakati pa zala zakuphazi, n'kutupa mpaka kukula ngati kanjere ka nsawawa. Lili momwemo limagwetsera mazira pansi, ndipo mazirawo amaswa m'fumbi louma ndi m'ming'alu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti moyo wonse wa thekenya ukhoza kuzungulira m'kati mwa nyumba yomwe pansi pake ndi padothi losatsekeka. Tanthauzo lake n'lakuti mwana akhoza kuchotsedwa matekenya lero, mawa n'kutenganso ena pamalo pomwe amagona.

Mdani wachitatu ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba. Mwana akachita chimbudzi kapena kusanza pansi pozira, mayi amawola ndi kuthirapo phulusa kapena dothi, koma madzi ake amakhala atalowa kale pansi. Zitosi za nkhuku zogona m'nyumba zimachitanso chimodzimodzi. Anthu a ku Machinga ndi ku Balaka sanaiwale kolera yemwe adayamba kupezeka pachipatala chachikulu cha Machinga mu Malichi 2022, n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700. Kolera amayenda kwambiri ndi madzi ndi chakudya, koma m'nyumba mukakhala wodwala, langizo limakhala lotsuka malo oipitsidwa ndi madzi a kolorini. Pasimenti kapena pamiyala yomatidwa bwino izi zimatheka. Padothi madziwo amangopanga matope.

Umboni wochokera kwina

Mu 2000, boma la chigawo cha Coahuila m'dziko la Mexico lidayamba ntchito yotchedwa Piso Firme, yothira konkire m'nyumba za anthu osauka zomwe pansi pake padali padothi. Akatswiri, pakati pawo Matias Cattaneo ndi Paul Gertler, adayerekeza mabanja a mumzinda wa Torreón omwe adalandira thandizoli ndi mabanja ofanana nawo a m'chigawo choyandikana cha Durango omwe adali asadalandire.

Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2009 zidaonetsa kuti nyumba yonse ikachoka padothi n'kufika pasimenti, tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono timatsika ndi 78 peresenti, kutsekula m'mimba ndi 49 peresenti ndipo kuchepa kwa magazi ndi 81 peresenti. Anawo adakhozanso bwino pa mayeso oona kakulidwe ka nzeru, pomwe amayi awo adaonetsa kuchepa kwa nkhawa.

Mabanja a ku Mexico amenewa adali a m'mbali mwa tauni, ndipo ambiri adali kale ndi madzi a m'mipope. Koma kafukufuku wina yemwe adatuluka mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health adayang'ana midzi ya ku Kenya ndi ku Bangladesh, ndipo adapezanso kuti ana a m'nyumba zomwe pansi pake padali potsekeka sadali ndi njoka za Ascaris ndi tizilombo ta Giardia mochuluka ngati anzawo a m'nyumba zadothi.

Kusankha mwala

Ubwino wa miyala ndi woti imachepetsa simenti yofunika, imapirira kwa zaka zambiri ndipo nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala imaziziritsa m'nyumba. Koma si mwala uliwonse woyenera kuyala pansi.

Miyala yolimba kwambiri, monga yomwe idapanga mapiri a Chikala, Chaone ndi Mongolowe m'boma la Machinga, siyamwa madzi ambiri ndipo siperepeseka msanga. Vuto lake ndi loti ndi yovuta kusema, ndipo kupeza yafulati n'kofuna kuleza mtima. Miyala ya laimu, monga yomwe imapezeka ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, ndi yosavuta kusema koma ndi yofewerapo. Imadyeka ikakumana ndi zinthu zowawasa ndipo ina imayamwa mafuta ndi madzi. Ikhoza kugwira ntchito pabalaza kapena kuchipinda, koma kukhitchini, kubafa ndi kuchimbudzi ndi bwino kuipewa.

Musanasenze miyala kapena kulipira ngolo, yesani mwala umodzi m'njira zinayi zosafuna ndalama.

Donthezerani madzi pang'ono pamwala wouma. Madziwo akakhala pamwamba kwa kanthawi, mwalawo ndi wabwino. Akalowa msangamsanga n'kusiya banga lakuda, dziwani kuti udzayamwanso mkodzo wa mwana ndi msuzi wotayika.

Kandani mwalawo ndi msomali. Ukamatuluka ufa wambiri kapena ukamasendeka timapepala, sukhalitsa. Pamalo pomwe mwakandapo donthezeranipo madzi a ndimu kapena viniga. Pakachita thovu ndiye kuti ndi mwala wa laimu.

Ugogodeni ndi hamala mopepuka. Mwala wathunthu umalira momveka bwino, pomwe wokhala ndi mng'alu m'kati umalira mogonthera.

Pomaliza, unyowetseni n'kupondapo ndi phazi lopanda nsapato. Mwala wosalala kwambiri umaterera ukanyowa, zomwe ndi zoopsa kwa agogo, amayi oyembekezera ndi ana ophunzira kuyenda. Wokhakhala kwambiri umasunga litsiro m'timaenje take ndipo umasupula mawondo a mwana wokwawa. Wofunika ndi wapakatikati. Matailosi onyezimira a m'sitolo nawonso ayesedwe chimodzimodzi asanagulidwe.

Sankhani miyala yafulati, yokhuthala masentimita atatu mpaka asanu, ndipo ikhale yotambalala momwe mungathere. Miyala ikuluikulu imasiya mipata yochepa, ndipo mipata ndiyo ili ndi nkhani yonse.

Mipata ndiye pagona nkhani

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba yoyala miyala imaoneka yaudongo kwa mlendo, koma ngati pakati pa miyalayo padangothiridwa dothi kapena mchenga, ndiye kuti pansipo pakadali padothi. Mwinanso zafika poipa, chifukwa tsache silifika bwino m'mipatamo. Fumbi, nyenyeswa za chakudya, mazira a matekenya ndi nyerere zimapeza pobisala, ndipo mwini nyumba amaleka kuzira poganiza kuti ntchito idatha.

Choncho banja lomwe lasankha miyala liyenera kukonzekeranso simenti yomatira mipata yonse. Mipatayo isapitirire kukula kwa chala, ndipo idzazidwe mpaka kufanana ndi pamwamba pa mwala, osasiya ngalande. Msakanizo wabwino womatira ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga. M'mbali momwe pansi pakumanirana ndi khoma mumatidwenso, pakuti chiswe ndi tizilombo tina timakonda kutulukira momwemo.

Ngati ndalama zomatira mipata palibe, ndi bwino kudikira kaye. Pansi pozira bwino, posalala ndi popanda ming'alu, pamaposa miyala yongoyala yopanda chomatira.

Kayalidwe koyenera

Ntchito imayambira pa dothi la pansi. Chotsani dothi lapamwamba lomwe lili ndi mizu ndi zinyalala. M'madera a kufupi ndi madambo ndi nyanja ya Chiuta mumapezeka dothi la makande, lomwe limatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe. Dothi lotere limang'ambitsa pansi ngakhale simenti itachuluka bwanji. Pamalo otero kumbani mozamirapo, n'kuthira miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa zootcha, ndipo muzitsendere mwamphamvu pang'onopang'ono, osati zonse nthawi imodzi.

Pansi pa nyumba pakhale pokwera masentimita osachepera 15 kuposa bwalo. Kumalo komwe madzi amadikha, monga momwe anthu adaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pakwezeni koposa apo, ndipo kumbani ngalande yochotsa madzi a padenga kuti asamaime m'mbali mwa khoma.

Pamwamba pa miyala yotsenderayo thirani mchenga pang'ono, kenako yalani pepala lakuda la pulasitiki lokhuthala, lopanda zibowo. Pepalali limaletsa chinyezi chochokera m'nthaka kukwera m'nyumba. Popanda ilo, pansi pamakhala ponyowa nthawi yamvula, mphasa ndi zofunda zimachita nkhungu, ndipo nkhungu imavutitsa ana achifuwa cha mphumu.

Miyala ikhazikidwe pa matope a simenti ndi mchenga, ndipo mmisiri aziyesa ndi levulo kuti wina usatumphuke kuposa unzake. Mwala wotumphuka umapunthwitsa ndi kuchotsa chikhadabo. Kubafa ndi pakhonde, pansi papendekere pang'ono cha kunja kuti madzi azituluka okha.

Mchenga ukhale woyera, wopanda dothi. Kuti mudziwe, thirani mchenga m'botolo la madzi, khutchumulani n'kulisiya. Pamwamba pa mchengawo pakadikha matope ochindikala, mchengawo ndi wofunika kutsuka kapena kusintha.

Cholakwika chomwe ambiri amachita chimabwera pamapeto. Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chokhala ndi madzi. Mukamaliza, phimbani pansipo ndi masaka onyowa kapena udzu ndipo muzithirira kwa masiku osachepera 7. Simenti imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku pafupifupi 28. Pansi pomwe pauma msanga ndi dzuwa la kuno pamachita ming'alu yaing'ono miyezi isanathe, ndipo fumbi limabwereranso.

Chitetezo pa ntchito

Kuswa miyala kumatulutsa fumbi lomwe limaononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo tizidutswa take timalasa maso. Woswa anyowetse mwala, aphimbe mphuno ndi pakamwa komanso ateteze maso. Iyi si ntchito ya ana. Simenti yonyowa nayo imawotcha khungu, choncho osakaniza avale nsapato zajombo ndi zoteteza m'manja, ndipo ana asasewere nayo.

Maenje okumbamo miyala kapena mchenga akwiriridwe. Akadzaza madzi a mvula amasanduka moswanirana udzudzu wa malungo, ndipo ana aang'ono amatha kumiramo. Kumbukiraninso kuti mapiri ena ali m'nkhalango zotetezedwa ndi boma. Funsani a mfumu ndi alangizi a zankhalango musanatenge miyala.

Ngati ndalama sizikukwana

Palibe lamulo loti nyumba yonse ikonzedwe tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani ndi chipinda chomwe ana amagona, kenako malo omwe banja limadyera, n'kumalizira kwina. Anthu ambiri amayamba ndi pabalaza chifukwa ndi pomwe alendo amafikira, koma mlendo amakhala ola limodzi pomwe mwana amagona pansi usiku wonse. Mamembala a banki m'khonde akhoza kugwirizana kuti ndalama zogawana pakutha pa chaka zigule matumba angapo a simenti, n'kumathandizana kututa miyala ndi mchenga nyumba ndi nyumba.

Komwe miyala yafulati kulibe, njerwa zootcha bwino zoyalidwa ndi kumatidwa pamwamba ndi simenti zimagwira ntchito yomweyo. Ku Rwanda, bungwe la EarthEnable lomwe lidayamba mu 2014 limakonza pansi ndi dothi, mchenga ndi miyala ing'onoing'ono zotsenderedwa bwino, n'kupakapo mafuta apadera ochokera ku zomera omwe akauma amalimba ndipo pansipo pamatheka kukolopa. Izi zikuonetsa kuti chofunika ndi kutseka pamwamba, osati dzina la chipangizo. Koma chenjezo ndi lakuti oyilo wakutha wa galimoto kapena wa chigayo salowa m'malo mwa mafuta amenewa. Oyilo wotere ali ndi poizoni ndipo sayenera kupakidwa pomwe mwana amakwawa.

Kwa omwe akhalabe pansi pozira, ntchito ya amayi yozira ndi mtsiro si yopanda pake. Kuzira pafupipafupi kumatseka ming'alu ndi kuchepetsa fumbi lomwe matekenya amaswaniranamo. Wazani madzi musanasese. Yanikani mphasa ndi zofunda padzuwa. Mwana wokwawa akhale pamkeka woyera, ndipo chimbudzi chake chiwoledwe nthawi yomweyo pamodzi ndi dothi la pamalopo n'kukataya m'chimbudzi. Nkhuku, abakha ndi mbuzi zikhale ndi khola lawo.

Zomwe pansi pabwino sipangachite

Kukonza pansi sikuchiritsa mwana yemwe ali kale ndi njoka. Iye akufunika mankhwala monga albendazole, omwe amaperekedwa kusikelo, kusukulu ndi kuchipatala. Sikutetezanso ku likodzo, lomwe ana amatenga posamba kapena kuwedza m'madzi a nyanja ya Chiuta ndi m'madambo. Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, kusamba m'manja ndi sopo, madzi otetezedwa komanso nsapato, ngakhale patapata, zikufunikabe monga kale.

Matekenya asachotsedwe ndi minga, singano kapena lezala wobwerekana. Kutero kumabweretsa mafinya ndi kafumbata, ndipo chida chimodzi chikagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo chikhoza kufalitsa matenda oyenda m'magazi. Tsukani mapazi ndi sopo tsiku lililonse, ndipo mwana yemwe ali ndi matekenya ambiri, zilonda kapena akulephera kuyenda apite naye kuchipatala cha Chikweo kapena china chapafupi.

Pansi pamiyala kapena pasimenti pafunikanso chisamaliro. Pazikolopedwa ndi madzi a sopo, osati kungosesa. Mng'alu ukaoneka, kapena chomatira cha m'mipata chikayamba kugumuka, matani msanga usanakule. Miyezi ya Juni ndi Julayi miyala imazizira kwambiri, choncho khanda lisagonekedwe pansi popanda mphasa ndi chofunda chokwanira.

Ntchito ya mavolontiya

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya akamayendera makomo amafunsa za chimbudzi, thandala, dzenje la zinyalala ndi neti. Ndi bwino kuonjezerapo funso limodzi: kodi ana amagona pati? Mwini nyumba akalola, onani pamalopo. Yang'anani ngati pali fumbi lotakasuka, ming'alu, chinyezi kapena zitosi. Yang'ananinso zala zakuphazi za ana, chifukwa ambiri amabisa matekenya poopa kusekedwa.

Polankhula ndi banja, pewani mawu onyazitsa. Nyumba yozira si chizindikiro cha uve, ndipo mabanja ambiri alibe ndalama ya simenti chaka chino. Uthenga ukhale wa zomwe angathe lero ndi zomwe angakonzekere akakolola. Mukamva kuti banja lina likufuna kuyala miyala, lifikireni ntchito isanayambe ndipo mulifunse mafunso atatu: kodi mwalawo mwauyesa ndi madzi, pepala la pulasitiki lilipo, nanga simenti yomatira mipata yonse yakwana? Limodzi mwa mayankhowa likakhala ayi, alangizeni achepetse malo, amalize chipinda chimodzi cha ana bwinobwino, zipinda zina zidzatsatire chaka chamawa.